Funsani Makaniko: Lamba wansalu m'malo mwa handulo ya chitseko

FUNSO

A Makaniko, ndili ndi Porsche Cayman S ya 2008. Ndakhala ndikuona zithunzi za Cayman R ndi 911 GT3 RS. Mkati mwa zitseko zake mulibe handulo yachitsulo, muli kalamba kofiira kansalu kamene munthu amangokoka chitseko n'kutseguka. Zandigwira mtima ndipo ndikufuna yanganso ikhale choncho. Mnzanga akuti ndi ntchito ya ola limodzi: kumasula panelo ya chitseko, kuchotsa handulo, kumangirira lamba ku kebulo, basi. Akutinso galimoto ipepuka. Kodi n'zoona? Nanga pali choopsa chilichonse?

Wokonda liwiro

YANKHO

Achimwene, zimene mukufunazo n'zotheka ndipo sindikuletsani, chifukwa inenso lamba ameneyu amandisangalatsa. Koma mnzanuyo mumumvere pa zomasula panelo zokhazo. Zomangirira lamba ku kebulo musayerekeze. Zimenezo zikhoza kukutsekerani m'galimoto tsiku limene mukufunitsitsa kutuluka, kapena kukutsegulirani chitseko muli paliwiro.

Za kupepukazo tithane nazo msanga. Mukachotsa handulo muiike pa sikelo, kenako muyezenso lamba pamodzi ndi kapulasitiki komuzungulira ndi zomangira zake. Kusiyana kwake mudzakupeza m'magalamu. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, ndipo zimene mungapungule pa zitseko zonse ziwiri sizingapose malita awiri a petulo. Cayman R imene mwaionayo inatuluka mu 2011 ili yopepuka ndi makilogalamu 55 poyerekeza ndi Cayman S ya nthawi yomweyo, koma makilogalamu amenewa anachoka kwina. Zitseko zake zinali za aluminiyamu, mipando yopyapyala, mawilo opepuka, ndipo wailesi ndi makina oziziritsa mpweya ankaikamo pokhapokha wogula atapempha. Boxster Spyder, mnzake wa nthawi yomweyo, inapungula makilogalamu 80 ndipo denga lake linali kansalu kokoleka pamanja. Pa magalimoto amenewa lamba anangokhala chizindikiro chouza wokwera kuti muno achotsamo zambiri.

Kale lamba anali ndi ntchito yeniyeni. Porsche inaonetsa 911 Carrera RS 2.7 ku chionetsero cha magalimoto ku Paris mu 1972. Malamulo a mipikisano ankafuna kuti kampani ipange magalimoto 500 oyenda pamsewu isanaloledwe kupikisana ndi mtundu umenewo. Anthu anaikonda kwambiri moti anapanga 1,580, ndipo 200 mwa amenewa anali a mtundu wopepuka wotchedwa Sport, wolemera makilogalamu 960 pamene mtundu winawo, wotchedwa Touring, unkalemera makilogalamu 1,075. Mu Sport anachotsa mipando yakumbuyo, wotchi, zotsamirapo mkono ndi zoletsa phokoso, malata ndi magalasi n'kukhala opyapyala. Panelo ya chitseko inangotsala yafulati, ndipo pa panelo yotero kalamba n'kamene kanali njira yachidule yofikira loko. Carrera RS ya m'badwo wina wa 911 wotchedwa 964, imene inabwera mu 1991, inatsatira njira yomweyo, mawindo ake n'kukhala opukusa pamanja. Ferrari F40 ya 1987 inalibe n'komwe panelo yokongoletsa, munthu ankapisa dzanja m'chitseko n'kukoka waya. Ndipo chingwe chotere sichinali cha magalimoto odula okha. Mini yoyamba ya 1959, imene anaikonza Alec Issigonis, inkatsegulidwa ndi chingwe chodutsa mkati mwa chitseko, pofuna kuchepetsa mtengo ndiponso kuti chigongono cha wokwera chipeze malo m'kagalimoto kopapatiza.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Dzanja lanu limagwira ntchito ziwiri pa chitseko. Pali kutsegula, kumene kumafuna kukoka pang'ono kuti loko amasuke, ndipo pali kutseka, kumene kumafuna kukoka chitseko chonse ndi kulemera kwake. Malamba amene mumaona pa zithunzi si onse amagwira ntchito imodzi. Wa pa Cayman R ndi GT3 RS ndi wotsegulira, ndipo chogwirira chotsekera chilipobe pachokha. BMW M4 GTS ya 2016 inachita mosiyana: lamba wake ndi wokokera chitseko potseka, pamene handulo yotsegulira inasiyidwa momwemo. Anthu ambiri amene amadzipangira okha amasokoneza ziwirizi, amaika lamba mmodzi kuti azichita zonse. Munthu akakoka kuti atseke, amakokanso loko, chitseko chimagunda n'kubwerera, iye n'kuwonjezera mphamvu, mpaka china chake mkatimo chithyoke.

Handulo imene mukufuna kuchotsayo ndi liva, kanthu kozungulira pa msomali wake kamene kamachulukitsa mphamvu ya dzanja. Mukaikoka, imakoka waya woyenda m'kati mwa kapaipi kake, monga mmene kebulo ya buleki ya njinga imachitira. Wayayo amakafika ku loko kumapeto kwa chitseko. M'loko muli kachitsulo kokhala ngati mphanda kamene kamaluma chitsulo chomangidwa pa mzati wa galimoto, ndiponso kachitsulo kena kakang'ono kamene kamatchinga mphandayo kuti isabwerere. Kutchingako kumachitika pawiri, n'chifukwa chake mukatseka chitseko pang'onopang'ono mumamva kuti khethe koyamba, chitseko chisanakhazikike, kenako khethe kachiwiri. Malamulo amene opanga magalimoto amatsatira, UN Regulation 11 m'mayiko ambiri ndi FMVSS 206 ku America, amafuna kuti loko wotsekeka bwino apirire mphamvu yokoka ya pafupifupi manyutoni 11,000, imene ikuposa kulemera kwa tani imodzi. Amafunanso kuti asatseguke yekha galimoto ikagundidwa ndi mphamvu yofika 30 g, ndiko kuti kugwedezeka kumene kumachititsa chinthu chilichonse kukhala ngati chalemera kuwirikiza ka 30. Pa lamulo la 30 g limeneli amawerengera zonse zolumikizana ndi loko: handulo, waya ndi masipuling'i amene amazibweza. Mukasintha chimodzi, mwalowa m'masamu amene akatswiri anachita kale.

Taonani zimene zimatayika lamba akamangiriridwa mwachindunji ku kebulo. Liva ija imachulukitsa mphamvu ya chala chanu, ndiye ikachoka mumafunika kukoka kwambiri, ndipo mumakokera kwa inu pamene waya anapangidwa kuti azikokedwa molunjika kutsogolo. Waya wokokedwa chammbali amakhuzika pakamwa pa kapaipi kake, timawaya take tating'ono timaduka kamodzikamodzi, ndipo izi zimachitika kuseri kwa panelo kumene simukuona. Handulo ilinso ndi polekezera. Ngakhale mutaikoka mwaukali imaima pamalo ake, mphamvu yotsala n'kuthera m'chitsulo chake. Lamba womangirira alibe polekezera, ndiye mphamvu yonse ya mkono wa munthu wamkulu imakathera pa kamutu ka waya kapena pa kachitsulo kopyapyala ka m'loko.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi sipuling'i. Handulo ili ndi yake imene imaibweza pamalo n'kumasula waya kotheratu. Ikachoka, yotsala ndi ya m'loko yokha, imene tsopano iyenera kukoka waya ndi lamba wokhuzika pa bowo la panelo. Lamba akangokakamira pang'ono, waya amatsala wokokeka, ndipo kachitsulo kotchinga kaja sikakhala mokwanira pamalo pake. Chitseko chimaoneka chotseka, chimamvekanso chotseka, koma changogwira m'mphepete. Bampu imodzi kapena kona yokhota mwamphamvu n'zokwanira. Komanso galimoto yanu ikakhala yokiya muli mkati, imafuna kukoka kawiri: koyamba kumamasula kiyi, kachiwiri kumatsegula. Kukoka kwachiwiriko kumagwira pokhapokha waya atabwerera mpaka kumapeto.

Pali kanthu kena ka Cayman kamene mnzanuyo sanakatchule. Windo lake lilibe felemu pamwamba, galasi limalowa mu mphira wa denga. Mukayamba kukoka handulo, kaswichi kamauza mota kuti itsitse galasi pang'ono lisanachoke mu mphiramo, ndipo mukatseka limakweranso. Kaswichi kameneka kakapanda kukhudzidwa pa nthawi yake, galasi limakwekwesa mphira tsiku ndi tsiku mpaka mvula ndi mphepo ziyambe kulowa.

Njira yabwino ndi iyi. Cayman yanu, Cayman R ndi Boxster Spyder zonse ndi za banja limodzi la 987, ndipo ziwiri zomalizazo zinatuluka ndi malamba kuchokera ku fakitale. Kuseri kwa lamba wa fakitale kuli makina obisika amene amakoka kebulo molunjika n'kuibweza, moti Porsche inangosintha chimene dzanja limagwira. Pitani kwa wogulitsa zipangizo ndi nambala ya chasisi ya galimoto yanu, akutsimikizireni zimene zikugwirizana ndi chaka chake. Aliponso makampani ena opanga zida zosinthira zoterezi. Ngati mwasankha zimenezo, wogulitsayo akuuzeni momveka ngati lamba wake akukoka liva, ngati pali sipuling'i yobweza, ndiponso ngati kaswichi ka windo kakhalabe pa ntchito. Akayamba kuzungulira, musiyeni.

Pomasula panelo, kumbukirani kuti m'zitseko za 987 muli airbag (thumba lofufuma ndi mpweya pa ngozi) yoteteza mutu, yobisika kumtunda kwa chitseko mmunsi mwa windo, pamene yoteteza nthiti ili mu mpando. Tsegulani zitseko zonse ziwiri kaye, zimitsani galimoto, chotsani waya wa negetivu ku batire, ndipo dikirani mphindi zimene buku la galimotoyo lanena musanakhudze mawaya ake. Batire ya Cayman ili m'buti yakutsogolo, imene imatsegulidwa ndi magetsi, ndiye musaitseke batire ili yochotsa. Musatsekenso chitseko nthawi imeneyo chifukwa galasi silitsika. Ndipo musatembenuze kiyi airbag ili yosalumikiza, apo ayi nyale yochenjeza idzayaka ndipo sidzazima mpaka aizimitse ndi kompyuta yoyezera galimoto. Kumtunda kwa paneloko musaboole kapena kumangako kalikonse, ndi njira imene airbag imatulukira. Pokanula gwiritsani zokanulira zapulasitiki, ndipo gulirantuni timapini togwira panelo, chifukwa pa galimoto ya zaka zimenezi tina timathyoka ngakhale musamale bwanji.

Musanabwezeretse panelo yesani zonse chitseko chili chotsegula. Kankhani mphanda ya loko ndi sikuludalaiva mpaka imveke kawiri, kokani lamba, muone ngati yamasuka, kenako siyani lamba muone ngati wabwerera yekha popanda kumuthandiza ndi chala. Bwerezani kangapo. Mukalumikiza batire, tsekani chitseko muli mkati windo lili lotsitsa kuti ngati china chalakwika mufikire handulo yakunja, kiyani, yesani kukoka kawiri kuja. Mawindo amaiwala polekezera pawo batire ikachotsedwa, ndiye akwezeni mpaka pamwamba n'kugwirabe swichi kwa kanthawi kuti akumbukire. Ola limodzi la mnzanu lija muliwerengere tsiku lathunthu.

FUNSO

Bambo Makaniko, amuna anga ali ndi Mazda MX-5 yakale imene amaikonda kwambiri. Anachotsa mahandulo a mkati n'kuika malamba amene anasoka okha kuchokera ku lamba wa chikwama. Tsopano afwifwa ndipo wa mbali yanga wayamba kunyenyeka. Tsiku lina chingwe cha chikwama changa chinakola lambayo ndikukhala pa mpando, chitseko n'kutseguka. Mwamwayi tinali tisananyamuke. Nthawi zina amakwera ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 8. Iwo akuti ndikuda nkhawa ndi zinthu zazing'ono. Ndithandizeni.

Mayi wodandaula

YANKHO

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo bambowo awerenge yankho ili limodzi nanu. Chitseko chimene chatsegulidwa ndi chikwama chikhoza kutsegulidwanso ndi bondo, lamba wa wotchi kapena chala cha mwana amene akungoseweretsa. Loko woletsa ana kutsegula amapezeka pa zitseko zakumbuyo zokha, ndipo MX-5 ili ndi mipando iwiri basi. Mwanayo asakwerenso mpaka lambayo atakonzedwa. Ngati bambo akufuna kupitiriza kuyenda naye, ine ndingabwezeretse handulo kumbali ya wokwera, iwo n'kutsala ndi lamba kumbali yawo.

Ngati malamba akhalepo mbali zonse, ayambirenso ntchitoyo. Malamba ambiri a zikwama ndi a polypropylene, amene amafooka msanga ndi dzuwa, ndipo m'galimoto yotsegula denga dzuwa limawapeza tsiku lonse. Kufwifwa kumene mwaonako ndi chizindikiro chakuti ulusi wapsa. Nayiloni ndi yolimba koma imamwa madzi ndipo imatamuka. Wofunika ndi wa poliyesita, mtundu umene amapangira malamba a mipando, wa mamilimita 25 m'lifupi kapena kuposerapo pang'ono. Podula awotche kumapeto kuti asamasuke, ndipo msoko wake ukhale wa makona anayi wokhala ndi mtanda pakati, wosokedwa ndi ulusi wolimba wa poliyesita pa makina a osoka mipando ya galimoto. Pamene lamba akudutsa pa panelo pakhale kamphete kosalala ka pulasitiki kapena chitsulo. Kunyenyeka kumene mukuonako nthawi zambiri kumayambira pa bowo lakuthwa.

Utali wake ndi umene unakola chikwama chanu. Gonga lotsegulira lingokwana zala ziwiri kapena zitatu, likhale mmwamba kutali ndi bondo, ndipo ligone pa panelo m'malo molendewera. Likhale la mtundu wowala wosiyana ndi panelo kuti lioneke usiku kapena munthu atasokonezeka pa ngozi. Kufiira kumene kumakopa anthu pa zithunzi kuli ndi phindu limeneli. Aliyense wokwera koyamba auzidwe potsegulira galimoto isananyamuke, chifukwa dzanja la munthu wochita mantha limafunafuna handulo pamene linazolowera kuipeza.

Aonenso ngati lamba wotsekera ndi wosiyana ndi wotsegulira. Wotsekerayo amangidwe ndi bawuti pa chitsulo cha chitseko chenicheni, ndi washa wamkulu. Panelo ya magalimoto akale ndi kabolodi kopyapyala ndipo imang'ambika. Magalimoto akale ambiri ali ndi ndodo zachitsulo m'malo mwa kebulo, zolumikizidwa ndi timapulasitiki timene timauma ndi ukalamba. Akatsegula asinthiretu timeneti, apake girisi pa loko, ndipo abwezeretse pepala la pulasitiki lotchinga madzi kuseri kwa panelo. Pa magalimoto atsopano chotchinga chimenechi chili ndi ntchito inanso: ena ali ndi sensa m'kati mwa chitseko imene imamva kukwera kwa mpweya chitseko chikaphwanyidwa n'kuphulitsa airbag yam'mbali, ndipo mabowo osatseka amaisokoneza.

Bambowo mwina akuuzani kuti magalimoto a mpikisano ali ndi malamba omwewa. N'zoona, ndipo kumeneko ali ndi chifukwa. Zitsulo zoteteza woyendetsa zimadutsa chopingasa pa khomo n'kutchinga handulo, ndipo woyendetsa amakhala atamangidwa zolimba pa mpando, atavala magolovesi. Lamba kapena chingwe chimamubweretsera potsegulira pafupi ndi dzanja. Ngati MX-5 yawo ili ndi zitsulo zotero, lamba ndi woyenera ndithu. Koma m'galimoto ya mpikisano simukwera mwana, ndipo imayenderedwa ndi oyang'anira isanalowe m'bwalo.

FUNSO

Achikulire, kodi kusintha kotere kungandivutitse ndi a inshuwalansi kapena poyezetsa galimoto? Nanga podzagulitsa?

Wofuna kusamala

YANKHO

Achimwene, auzeni a inshuwalansi musanasinthe, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Makampani ambiri amafuna kudziwa chilichonse chosiyana ndi mmene galimoto inatulukira ku fakitale, ndipo chinthu chimene simunanene amatha kuchigwiritsa ntchito pokana kulipira. Poyezetsa, malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain, mwachitsanzo, oyeza a MOT, mayeso oona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, amaona ngati zitseko zakutsogolo zikutseguka kuchokera mkati ndi kunja ndiponso ngati zikutsekeka bwino. Lamba wogwira ntchito bwino amakwaniritsa zimenezi. Funsani ofesi yoyeza ya kumene mukukhala musanadule kalikonse.

Pa zakuba, lamba amakoleka ndi waya mosavuta kuposa handulo ngati windo latsala lotsegula pang'ono. Magalimoto amene ali ndi kiyi womanga kawiri amaletsa chotsegulira cha mkati mukakiya muli kunja, ndipo amaletsanso lamba chimodzimodzi, choncho musakiyire munthu mkati mwa galimoto yotero.

Podzagulitsa, ogula magalimoto aliwiro ambiri amafuna ya mmene inabadwira. Sungani mahandulo, mabawuti ndi timaswichi m'bokosi lolembedwa mbali yake, kumanja ndi kumanzere. Ngati ntchitoyo ikufuna kudula panelo, gulani ina yogwiritsidwapo kale mudule imeneyo, yanu yoyambirira muisunge pamalo ouma itakutidwa ndi nsalu.